Kompyuta ya Agogo Siifomatidwa

1. Sikirini yada

Kompyuta ya agogo inada sikirini tsiku lomwe madokotala ankachotsa bandeji pa diso la agogowo.

Woyamba kuda nazo nkhawa anali Kadiso, mtsikana wa ku sekondale. Dzina limeneli anam'patsa ndi agogo ake aamuna, katswiri wakale wojambula zithunzi. Chiyambire pomwe ng'ala inaphimba maso awo, mdzukuluyu ndiye ankawaonera zonse. Ankawasankhira mankhwala, ankawauza amene akubwera pa msewu, ankawanong'oneza akavala malaya motembenuza.

Mmawa umenewo Kadiso analowa m'situdiyo, kachipinda ka kutsogolo kwa nyumba, kuti akonzekere kubwera kwa agogo. Anasesa. Anakutumula nsalu ya kukhoma, ija yojambulidwa nyumba yosanja ndi galimoto yofiira, imene anthu ankaima patsogolo pake kuti aoneke olemera. Kenako anadina batani la kompyuta.

Kompyutayo inali yakale, yachikasu ngati dzino la wosuta fodya. Inatsokomola monga mwa masiku onse, fani n'kuyamba kulira. Timalemba toyera tinaoneka. Kenako mizere yobiriwira inathamanga pa sikirini, n'kuzima. Bii!

Anazimitsa n'kuyatsanso. Chimodzimodzi.

Wina anganene kuti chitsulo ndi chitsulo, chimafa. Wonena choncho sadziwa zimene zinali mkatimo.

Agogo anajambula anthu moyo wawo wonse: maukwati, makanda, ana omaliza sukulu, anyamata onyadira njinga zobwereka. Manegetivu onse, timafilimu totsukirako zithunzi, ankawasunga m'bokosi lachitsulo pansi pa tebulo. Atayamba kuchita nkhungu, Kadiso anabwereka sikana kusukulu n'kumalowetsa zithunzizo m'kompyuta, chimodzichimodzi. Iye ankafotokoza zimene akuona, agogo n'kumatchula eni ake ndi miseche yawo yomwe.

Ntchito itatha, malume ake a Kadiso, mwana wamwamuna wa agogo, anafuna bokosi lija kuti azisungiramo machaja ndi makava a foni amene ankagulitsa. Anakhuthula manegetivu kuseri kwa nyumba n'kuwatentha.

"Zonse zili m'kompyuta kale," anatero malume tsiku limenelo. "Ndipo madala sakuona. Amene akawauze, ayambe walongedza katundu wake."

Palibe anawauza. Nyumba inali ya agogo, koma mawu anali a malume.

Tsono zithunzi zonse zinatsala malo amodzi okha, kuseri kwa sikirini yakudayo. Ndipo agogo, popita kuchipatala, anasiya mawu awa: "Diso langa likatseguka, musandionetse dzuwa kapena maluwa. Ndikufuna zithunzi zanga."

2. Ndani amakana zatsopano?

Kadiso anawapeza malume panja akupopa njinga.

"Amalume, kompyuta mwaigwira ndinu?"

"Moni ulibe? Kusukulu kwanuko amakuphunzitsani kufunsa anthu ngati apolisi?"

"Mwadzuka bwanji, amalume. Kompyuta mwaigwira ndinu?"

Malume sanadzutse mutu. "Ndinalumikiza foni dzulo kuti ndionere mpira pa sikirini yaikulu. Ndalakwa? Kapena chigoba chimenecho chinakhala mkazi wako?"

"Inalemba chiyani musanazimitse?"

"Inati pali zatsopano, kodi mukuzifuna? Ine n'kuti eya. Ndani amakana zatsopano?"

"Ndiye yada."

"Ndaona kale. Yakalamba basi, ngati mwini wake. Ndaitana a Tsache, afika dzuwa lisanafike pamutu. Aifomate, iyambe kuthamanga, ndiziikira anthu nyimbo m'mafoni. Chinthu chizigwira ntchito, osati kumangosunga nkhope za anthu akufa."



A Tsache anali mkonzi wa makompyuta wa kumsika. Anthu anawapatsa dzinali chifukwa matenda aliwonse mankhwala awo anali amodzi: kusesa zonse. Kufomata ndiko kufufuta chilichonse chimene chili m'kompyuta n'kuyambira pachiyambi. Kompyuta ikachedwa kuyaka, kufomata. Ikatentha, kufomata. Mayi wina anapititsa yake chifukwa batani limodzi linkakanirira. Inabwera batani likukanirirabe, koma yopanda ngakhale chithunzi cha malemu mwamuna wake.

"Amalume, akafomata zithunzi za agogo zitha."

"Zithe. Wajambula anthu moyo wake wonse, watisiyira chiyani? Nsalu ya galimoto yofiira. Kodi tingaikwere?"

"Agogo akubwera lero. Akubwera akuona."

"Tidzawauza kuti inafa yokha. Zinthu zimafa."

"Siifomatidwa," anatero Kadiso.

Apo malume anaimirira, pampu ili m'manja. "Wati bwanji?"

"Ndati siifomatidwa, amalume."

Malume anaseka kuseka kopanda mano. "Ukamaliza kulota, undiwiritsire madzi osamba."

3. Chenjezo la amayi

Amayi ake a Kadiso anamva zonse ali kuchipinda, komwe ankapinda jekete la agogo kuti apite nalo kuchipatala. Anamuitana n'kutseka chitseko.

"Khala apo, mwana wanga, undimvere. Ine ndinabwerera m'nyumba muno ndi chikwama chimodzi, iwe uli kumsana. Bambo ako sanatiperekeze ngakhale pa msewu. Amene anatitsegulira chitseko ndi mlongo wangayu. Ndikudziwa kuti ndi wouma mtima, tinayamwa bere limodzi. Koma ukamutsutsa anthu akuona, sadzakumenya ayi. Adzangokhala chete. Tsiku lotsegulira sukulu adzaiwala kuti uli ndi mapazi ofuna nsapato. Ndawaona atsikana a pakamwa ngati iwe. Analondola, inde analondola, koma lero akugulitsa kulondola kwawo m'mbali mwa msewu, palibe wogula.

"Zithunzi sizidyedwa. Anthu ali m'zithunzimo sadzadzuka kudzakuthokoza. Agogo ako adzalira, kenako adzatonthola. Ife tikhala ndi malume ako mpaka kalekale.

"Ndipo china nachi. Ukaigwira kompyutayo n'kulephera, mlandu wonse wa mpira wa dzulo usamukira pamutu pako. Agogo akafika adzauzidwa kuti Kadiso ndiye waipha. M'nyumba muno wamkulu salakwa. Amalakwa ndi mwana amene anali pafupi. Wandimva?"

"Ndamva, amayi."

"Ndiye?"

"Ndiye siifomatidwa."

Amayi anaimirira. "Makani amenewa si anga. Unatengera agogo ako, bulu weniweni."

Ananyamula jekete n'kutuluka osatsanzika. Koma pa bedi, pomwe anakhala, panatsala kiyi wa situdiyo. Amayiwo sankaiwala kiyi.

Kadiso anamutola, nalowa m'situdiyo, n'kudzikhomera mkati.

4. Chasintha n'chiyani?

Anakhala pa mpando wa makasitomala, moyang'anana ndi sikirini yakudayo. Agogo anali ndi mawu amene ankanena nthawi zonse chinthu chikawonongeka m'situdiyo, ndipo Kadiso ankawadziwa pamtima.

"Chinthu chikadwala, usathamangire nyundo," ankatero agogo. "Funsa kaye kuti, dzulo chinali bwino, lero chasintha n'chiyani? Kamera yanga ina inayamba kutulutsa zithunzi zakuda. Anzanga anati itaye, yakalamba. Ine ndinakhala pansi n'kuganiza. Ndinapeza kuti ndinagula filimu yamtundu watsopano, yosagwirizana ndi mankhwala anga otsukira. Kamera inalibe mlandu. Ana a masiku ano mukaona chakale chatsimphina mumati chatha, chonsecho mwachiveka nokha nsapato yosachikwana. Ndipo pokonza, sintha chinthu chimodzi, uone. Ukasintha zambiri nthawi imodzi, ngakhale chichire, sudzadziwa chimene chachiritsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kadiso anayamba ndi chophweka. Anazula chingwe cha sikirini, nachiuzira, n'kuchibwezera molimba. Anayatsa. Timalemba toyera, mizere yobiriwira, mdima.

Koma timalemba toyerato tinamuuza kanthu. Sikirini yakufa sionetsa malemba. Mdima unkabwera pambuyo, kompyuta ikayamba kudzutsa mapulogalamu ake.

Aphunzitsi a kompyuta kusukulu anatsegulirapo ophunzira kompyuta ina n'kuwaonetsa khadi la zithunzi, kathabwa kobiriwira kokhala ndi fani yakeyake, kamene kamajambula zonse zooneka pa sikirini. Anati khadi limeneli silimva chinenero cha kompyuta palokha. Pamafunika kapulogalamu komasulira pakati pa ziwirizi, kotchedwa dalaivala. Dalaivala akakhala wolakwika, khadi limangoti kakasi.

Chasintha n'chiyani? Malume anavomera zatsopano. Tsono khadi lokalamba linapatsidwa womasulira wachinyamata wolankhula zimene ilo silinamvepo.

Aphunzitsi aja anatchulanso khomo la kuseri, lotchedwa seifu modi. Ukalowera kumeneko, kompyuta imadzuka ndi zofunika zokhazokha, dalaivala wovutayo ali m'tulo. Kiyi wake pa makompyuta akale ndi batani la F8.

Ulendo woyamba anachedwa kudina, mdima unam'peza. Ulendo wachiwiri anayamba kugogoda batanilo kompyuta isanamalize n'kutsokomola komwe. Panabwera mizere ya mawu. Anasankha seifu modi.

Sikirini inayera.

Zonse zinkaoneka zikuluzikulu, zonyansa, ngati zojambula ndi makala. Kadiso sanasamale. Anathamangitsa mausi n'kutsegula posungira zithunzi za agogo. Zinalimo. Maukwati, makanda, anyamata a njinga zobwereka, onse anali phee, akudikira.

Anapita pamene kompyuta imaonetsa zipangizo zake. Pa dzina la khadi la zithunzi panali kachizindikiro kachikasu, ngati bala. Panali batani lobwezera dalaivala wakale, koma linali lotuwa, losadinika. Wakaleyo anali atakankhidwira kunja. Tsono Kadiso anachotsa watsopanoyo, n'kuyatsanso kompyuta mwa masiku onse.

Mdima sunabwere. Koma atatsegula chithunzi cha ukwati wina, anagwira pakamwa. Nkhope zinali zophwatalala, mitundu itachita mawangamawanga. Mkwatibwi ankaoneka ngati wapondedwa ndi lole.

Kuwaonetsa agogo zimenezi kukanakhala kuwatukwana. Pankafunika dalaivala wakale weniweni, uja anabwera pa chimbale limodzi ndi khadilo.

Anatsegula dilowa. Envulopu ya chimbalecho inalimo. Chimbale munalibe.

Anakhuthula dilowa yonse pansi. Mabatire akufa, zomatira, chipeso cha makasitomala. Kenako anasuzumira pawindo, ndipo china chake chinamuthobwa m'maso kuchokera pa njinga ya malume.

5. Chimbale cha pa njinga

Malume anali atamangirira chimbalecho ndi waya kumbuyo kwa kaliyala, kuti chizinyezimira magalimoto aziwaona. Chinakhala pamenepo nyengo yonse ya fumbi. Kadiso ankachiona tsiku lililonse osaganiza kuti chinachokera kuti.

Anatenga pulayala, natsegula chitseko, n'kupita molunjika pa njinga. Malume anali pa khonde akusankhula machaja.

"Iwe! Ukutani pa njinga yanga?"

"Ndikutenga chimbale cha agogo."

"Chimbale chanji? Chimenecho ndi chotetezera moyo wanga. Galimoto ikandigunda?"

"Muzivala malaya oyera, amalume."

Mayi woyandikana nawo nyumba, amene ankayanika zovala, anaseka mpaka kugwetsa mapegi. Malume anadzuka, koma ataona kuti mayiyo wasiya zovala n'kutsamira mpanda kuti aonere bwino, anakhalanso pansi.

"Tenga," anatero motsitsa mawu. "Sewera mwachangu. A Tsache ali m'njira. Za pakamwa pakozo tikambirana sukulu ikamatsegulidwa."

Kadiso anadula waya. Chimbale chinali ndi matope ouma ndi timikwingwirima. Anachitsuka ndi madzi ndi sopo, nachipukuta ndi kansalu kofewa kamene agogo ankapukutira magalasi a kamera, kuchokera pakati kupita kunja, osati mozungulira.

Kompyuta inachimeza, n'kubuula, n'kuchilavula. Anachipukutanso. Inachimezanso, inabuula nthawi yaitali ngati munthu wokweza katundu pa mtunda, kenako panatuluka kabokosi kofunsa ngati akufuna kuika dalaivala. Anavomera. Kamzere kanayenda pang'onopang'ono, kanaima pakati, kanayendanso, kanafika.

Anayatsanso.

Sikirini inabwera yowala bwino. Mkwatibwi uja anabwerera m'thupi lake, chophimba kumutu chikuoneka ulusi uliwonse.

Apa m'pamene Kadiso analakwitsa. Sanadikire kuti aone ngati matenda athadi. Sanafunse kuti zatsopano zija zinalowera pati. Anatsegula chitseko n'kukuwa kuti msewu wonse umve.

"Amalume! Bwerani mudzaone chigoba chanu chija!"

Malume analowa, ndipo pambuyo pawo panali a Tsache, atangofika kumene, fulashi yawo yofomatira makompyuta ikulendewera pa chingwe m'khosi ngati mankhwala. Onse anayang'ana sikirini. Mkwatibwi anamwetulira. Kenako sikirini inaphethira. Inaphethiranso. Mizere yobiriwira inathamanga.

Bii!

6. Mufomate ine kaye

Malume anaseka mpaka kugwira khoma. "Injiniya wathu! Mwamuona, a Tsache? Wandichotsera chotetezera moyo kuti ationetse mdima."

A Tsache sanaseke. Anaika chikwama pa tebulo n'kuvula fulashi m'khosi.

"Mwana iwe, tamvera," anatero. "Ine ndinayamba kutsegula makompyuta iwe usanamere mano. Makhadi ngati ili amene anawapanga anawaiwala kale. Lero ulikonza, mawa lidwalanso, mkucha ubwera kwa ine ukulira. Ana a sukulu mumaphunzira batani limodzi n'kudziona ngati mwamaliza dziko. Ndawaona ambiri. Wina anatsegula kompyuta ya bambo ake ndi mpeni wa kukhitchini. Wina anathira mafuta ophikira mu fani. Onsewo ankati akudziwa. Kutulutsa zithunzi zako kaye n'kotheka, sindikana, koma kumafuna disiki ina ndi tsiku lathunthu, ndipo ine ndasiya anthu pa benchi kumsika. Dziko silidikira zakale, mwana wanga. Tisese, iyambe moyo wina. Tapatuka."

Kadiso anaima kutsogolo kwa kompyuta, msana utatsamira tebulo, manja atatambasula.

"Mufomate ine kaye."

"Choka apo," anatero malume.

"Sindichoka."

"Ukudziwa amene ukulankhula naye?"

"Ndikudziwa, amalume. Ndi amene anatentha manegetivu a agogo ine ndikuyang'ana. Tsiku lija ndinakhala chete chifukwa cha mantha. Lero ayi. Nsapato zanuzo musunge. Ndipita kusukulu wopanda nsapato, koma kompyuta iyi siifomatidwa."

Malume anatukula dzanja. Kadiso sanaphethire. Pawindo panaoneka mutu wa mayi woyandikana nawo uja, pegi ili kukamwa. Dzanja la malume linatsika n'kukanda khosi.

A Tsache anali atapendeketsa mutu, akusuzumira kuseri kwa tebulo.

"Unaikadi dalaivala wa pa chimbale?" anafunsa.

"Eya."

"N'kuyaka bwinobwino?"

"Mwaona nokha."

"Nanga foni ili kuseriyi ndi ya ndani?"

Kadiso anawerama. Kuseri kwa kompyuta, pakati pa zingwe ndi fumbi, panagona foni yachiwiri ya malume, yong'aluka galasi, chingwe chake chili chilowere m'kompyuta.

"Ikuchaja," anatero malume. "Soketi ya kuchipinda kwanga inapsa. Isiyeni."

A Tsache anapukusa mutu. "Ikuchaja, inde, koma ikuperekabe intaneti kuyambira pa mpira wa dzulo. Iwe mwana, ukuthamangitsa mlendo pakhomo, malume ako atamutsegulira windo. Kompyuta ikangonunkhiza intaneti, imapita yokha kukatenga dalaivala watsopano uja. Imaganiza kuti ikukuthandiza."

Musaganize kuti a Tsache anagwidwa chifundo. Ankangofuna kuti mwana wa sukulu asachoke pamenepo akuganiza kuti amadziwa kuposa iwo. Koma nzeru ndi nzeru, ngakhale ichokere m'kamwa mwa wonyada.

Kadiso anazula chingwe n'kupereka foni kwa malume ndi manja awiri.

Anayambiranso. F8. Seifu modi. Kuchotsa watsopano. Chimbale chinabuula, chinakana, chinavomera. Ulendo uno sanakuwe. Anatembenukira kwa a Tsache.

"Bambo, ndingaiuze bwanji kuti isamatengenso madalaivala payokha?"

A Tsache anamuyang'ana ngati akufuna kukana. Kenako analoza ndi chibwano. "Dina apo. Tsika. Osati apo, uli ndi maso kapena mabatani? Apo. Sankha kuti ayi, ndizisankha ndekha."

Kadiso anasankha. Anayatsanso n'kupinda manja. Onse atatu anadikira, fani yokha ikulira. Mkwatibwi anakhalabe pomwepo. Anazimitsa n'kuyatsanso kuti atsimikize. Sikirini sinaphethire.

A Tsache anabwezera fulashi m'khosi. "Fani ya khadiyo ikulira ngati ili ndi chifuwa," anatero ali pakhomo. "Uipukute fumbi. Ndipo zithunzizo uzipezere pena pogona. Dzira limodzi sayenda nalo m'thumba la kumbuyo." Anayang'ana malume. "Inu, mwandiyendetsa ulendo wachabe."

7. Diso latseguka

Agogo anafika masana, atagwira mkono wa amayi a Kadiso, atavala magalasi akuda a kuchipatala. Sanafune madzi, sanafune mpando wa pabalaza. Analunjika ku situdiyo. Pakhomo anavula magalasi, n'kuyang'ana Kadiso ndi diso limodzi lofiira, lonyowa.

"Ndiwe uyu? Ndinakusiya uli kamwana ka masaya. Ndani anakuloleza kutalika chonchi?"

"Ndinu, agogo. Munkangoti idya."

"Tsegula."

Kadiso anawakhazika pa mpando wa makasitomala n'kutsegula chithunzi choyamba. Agogo anasendeza nkhope pafupi. Amayi anayamba kupukuta maso ndi nsonga ya mpango.

"Ndinamudula mapazi mkwati," anatero agogo pomaliza. "Zaka zonsezi palibe anandiuza. Pitiriza."

Zithunzi zinkadutsa. Agogo ankatchula anthu, ankaseka, ankatukwana kuwala kumene kunawalakwira. Malume anaima pakhomo, foni yong'aluka ili m'manja, osalowa, osachoka.

"Ima pamenepo," anatero agogo.

Pa sikirini panali kamnyamata kovala kabudula wamkulu, katakhala pa mpando womwewo, kutsogolo kwa nsalu ya galimoto yofiira. Kanali katakumbatira kamera ndi manja onse, misozi ili m'masaya, koma kakuseka.

"Ukumudziwa ameneyu, Kadiso? Ndi malume akowa. Analira tsiku lonse kuti akufuna kugwira kamera ya bambo ake. Nditam'patsa anakana kuibweza, anagona nayo." Agogo anatembenukira kwa malume. "Bwera kuno, mwana wanga. Ukukumbukira?"

Malume anasendera. Anayang'ana kamnyamatako, kukamwa kuli yasa. Sanayang'ane Kadiso.

"Pa zonse zimene ndinajambula, ichi ndiye chithunzi," anatero agogo. "M'chipatala muja ndimangoganiza za chimenechi. Ndikufuna ndikachitsukitse chachikulu, ndikupatse upachike kuchipinda kwako. Koma osati cha m'kompyuta, ayi. Chachikulu chimafuna negetivu yeniyeni. Kanditengere bokosi langa lija."



Bokosilo linali pomwepo pansi pa tebulo, chingwe cha chaja chitatulukira pa chivundikiro ngati mchira wa khoswe. Amayi anayang'ana pansi. Malume anayang'ana Kadiso tsopano, ndipo maso awo ankapempha ndi kuopseza nthawi imodzi.

Agogo anayendetsa diso lawo latsopano pa nkhope imodzi, kenako ina, kenako ina.

"Mwaiwala kuti ndayamba kuona," anatero pang'onopang'ono. "Nkhope zimenezi ndikuzidziwa. Ndi za anthu amene akudikira kuti wina ayambe kunama."

Anagwira dzanja la mdzukulu wawo.

"Kadiso, iwe wakhala diso langa, ndipo diso langa silinandinamizepo. Manegetivu anga ali kuti?"